Chaka chikukwana chiikireni Abusa athu: timange chiliza kapena titsegulenso kashopu ka matabwa?

Mlembi_wa_Komiti

Abale ndi alongo, ndikupatsani moni nonse. Mwezi wamawa tikwanitsa chaka chiikireni Abusa athu m'manda, ndipo komiti imene munaisankha pa nyumba ya maliro yandituma kuti ndibweretse nkhani iyi pano, popeza ambiri amene anadutsa m'manja mwawo sakhalanso m'komboni yathu muno mu Lusaka. Ena ali ku Matero, ena ku Chawama ndi ku Mtendere, ena ku Kitwe, ena anawoloka malire. Ndalama zimene mwakhala mukutumiza zafika poti zingagwire ntchito imodzi yooneka, koma osati ziwiri. Ena akuti timange chiliza chabwino cha mwala wakuda, cholembedwa dzina ndi vesi. Ena akuti tikonze denga la kashopu ka matabwa kuseri kwa tchalitchi, kamene kakhala kotseka chiyambireni kudwala kwawo, tigule zipangizo, anyamata ayambenso kuphunzira. Komiti yakhala pansi kawiri osagwirizana. Ndikupempha kuti aliyense ponena maganizo ake atiuzenso chimene akukumbukira pa moyo wawo, chifukwa ambiri a ife tinangowadziwa mbali imodzi.

Kalipentala_wa_Chawama

Ndiyambe ndine, chifukwa nsima imene ana anga amadya lero inachokera m'kashopu kameneko. Nditalephera mayeso a Giredi 9 ndinatha zaka ziwiri pa siteji ya maminibasi, kuitanira anthu ndi kumwa tujilijili, timapaketi ta mowa tija timene boma linadzaletsa mu 2012. Abusa sanandilalikire. Anaima ndi njinga yawo m'mawa wina nandiuza kuti akufuna munthu wowagwirira thabwa pocheka, ndipo malipiro ake ndi nkhomaliro. Ndinapita chifukwa cha njala, osati chifukwa cha Mulungu. Sabata yonse yoyamba sanandilole kukhudza sowo. Anandipatsa chitini cha misomali yakale yopindika, imene ankatola pamene anthu agumula nyumba, nandiuza kuti ndiiwongole umodzi umodzi pa kachidutswa ka chitsulo cha njanji. Zala zinatupa, ndipo tsiku lachisanu ndinaponya hamala pansi ndi kuwafunsa ngati anandiitanira kudzandiseka. Sanakweze mawu. Anatola hamalayo, nawongola misomali itatu ine ndikuona, kenako anati mawa ndibwere ndi malaya ochapa chifukwa tikukayeza chitseko kwa mayi wina. Ndinakhala nawo zaka zinayi. Lero ndili ndi malo angaanga ndi anyamata atatu, ndipo aliyense wa iwo anayambira pa chitini cha misomali. Ine ndikuti denga likonzedwe.

Amayi_a_Lachinayi

Mwana wanga wa ku Chawama, zonse wanenazo n'zoona, ndinkakuona ndi maso angawa uli pa chitini chako chija nkhope ili gwaa. Koma ndikufunse, unapitako liti kumanda chiikireni? Ine ndinapitako mvula itangotha. Mtumbira watitimira mbali imodzi, udzu wafika m'chiuno, ndipo kachitsulo kamene tinalembapo dzina ndi penti kayamba kale dzimbiri. Inu ana simudziwa kuti manda a mu mzinda uno sali ngati a kumudzi, kumene mfumu ndi adzukulu amadziwa pogona aliyense. Kaya ndi ku Chingwere kaya ku Leopards Hill, anthu amaikidwa tsiku ndi tsiku, ndipo pakapita zaka zingapo malo opanda chizindikiro cholimba sungawalozenso. Malemu amuna anga ndinawataya motero. Ndinazungulira tsiku lathunthu ndi mwana wanga wamkazi, maluwa ali m'manja, mpaka tinangowaika pa mtumbira umene tinkauganizira. Sindifuna kuti zidzukulu za Abusa zidzaone zimenezo. Yakobo anaimika mwala pa manda a Rakele, werengani Genesis 35:20, ndipo palibe anamudzudzula kuti wawononga chuma.

Mnyamata_wa_Matero

Amayi, Yakobo anali ndi ziweto zosawerengeka. Ife tili ndi ndalama za ntchito imodzi yokha, ndipo mwala sudzaphunzitsa mwana aliyense kugwira sowo.

Amayi_a_Lachinayi

Mawu akuti ndalama zikanathandiza osauka tinawamvapo kale pa Yohane 12, ndipo ukudziwa amene anawanena. Sindikukupatsa dzina limenelo, mwanawe, koma usamalankhule ngati kulemekeza wakufa n'kutaya ndalama.

Namwino_Wopuma

Ndisanasankhe mbali, ndikufuna achinyamata adziwe kuti kashopu kameneko sikanayambe ngati sukulu. Kanayamba ndi mabokosi a maliro. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itafika pachimake ndipo mankhwala otalikitsa moyo asanafike kwa anthu wamba, m'komboni mwathu nyimbo za maliro sizinkatha. Ngakhale Pulezidenti Kaunda anali atanena poyera mu 1987 kuti mwana wawo anamwalira ndi matendawa, anthu ankachitabe manyazi ndi mantha, moti ena ankatsekera wodwala m'chipinda ndi kumpatsa mbale yakeyake. Abusa ankalowa m'zipinda zimenezo. Ine ndinkagwira ntchito ya usiku kuchipatala, masana n'kumayenda nawo, iwo atamangirira beseni ndi sopo pa kaliyala wa njinga, ine nditanyamula magolovesi. Amuna odwala ankawasambitsa okha, ine ndinkasambitsa amayi. Munthu akamwalira banja lilibe kanthu, ankakhoma bokosi usiku ndi matabwa a mapaleti, nyali ya palafini ili pambali, m'mawa n'kukalalikira pa maliro omwewo utuchi ukadali m'tsitsi. Sanafunse ngati womwalirayo anali wa Baptist, wa Katolika kapena wosapemphera, ndipo madikoni ena ankadandaula nazo. Anyamata oyamba kuphunzira ukalipentala kumeneko anali ana a anthu omwe anawakhomera mabokosiwo, chifukwa maliro akatha anawo ankasowa kolowera ndipo ankangobwera kudzakhala pakhomo la kashopuko. Choncho amene akuti manda ndi amene akuti shopu musaganize kuti mukukamba za zinthu zotalikirana. Munthu ameneyu sankalola kuti wina aikidwe mosasamala.

WakuKatete

Pepani ndilowererepo ngakhale ndine wa Reformed, ndinali mnansi wawo zaka zambiri ndipo mitondo yathu inkabwerekana. Chimene sindinawafunse mpaka anapita n'chakuti, Mchewa wa kwathu kum'mawa anapezeka bwanji ku Baptist? Kwathu munthu amabadwira ku Dutch kapena ku Katolika.

Mphunzitsi_Wopuma

Funso lanu n'lomveka, achimwene. Kum'mawa amishonale a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, Akatolika nawonso anakhazikika msanga, kotero Mchewa kapena Mngoni wobadwira kumeneko ankakula ndi katekisimu wa mipingo imeneyo. A Baptist analowera kwina. Mu 1905 anatsegula mishoni ku Kafulafuta pakati pa Alamba, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankauona ngati mpingo wa Alamba ndi wa kumigodi. A Baptist a ku America anabwera mochedwa, ufulu wa 1964 utayandikira, nayamba ntchito yawo m'matauni, ndipo ndi iwo amene anatsegula seminale ya Baptist muno mu Lusaka. Abusa anabatizidwa ali khanda ku Dutch monga inuyo. Anandiuza okha kuti anabwera ku Lusaka ali mnyamata kudzafuna ntchito ya matabwa, ndipo mnzawo wogona naye chipinda chimodzi ankalandira maphunziro a Baibulo a pa positi otchedwa Bible Way. Anayamba ndi kumuthandiza mnzawoyo kuyankha mafunso, kenako analembetsa okha. Kumeneko n'kumene anatsimikiza mtima kuti ubatizo uyenera kutsatira chikhulupiriro cha munthu mwini wake, ndipo uyenera kukhala womiza. Atate awo kumudzi atamva kuti abatizidwanso anakhumudwa kwambiri, nati mwana wanga watsuka dzina limene ndinamupatsa. Koma Abusa sananyoze konse mpingo umene unawalera. Ankalalikira ndi Buku Lopatulika lomwe lija limene amishonale a Dutch anatsogolera kumasulira ku Malawi, ndipo ankakonda kunena kuti anatuluka m'nyumba ya makolo koma mbale anatuluka nayo.

WakuKatete

Ndiye kuti madzi athu a m'mbale anawachepera. Zikomo aphunzitsi, lero ndamvetsa chifukwa chake ankabwera ku maliro a kwathu n'kumaimba nyimbo zathu zonse osayang'ana m'buku.

Dikoni_Wamkulu

Anawacheperadi, achimwene, ndipo amene tinavutika nazo ndife. Kuseri kwa guwa kuli dziwe la simenti limene anamanga okha, ndipo masiku amenewo kunalibe mpopi pa tchalitchi. Loweruka lililonse la ubatizo achinyamata ankatunga madzi ndi zigubu pa mpopi wa onse, ulendo ndi ulendo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chaka china tinabatiza mu June, mphepo ya Lusaka ili pachimake, ndipo amayi anachita kuwiritsa madzi m'migolo iwiri kuti okalamba asadwale. Abusa analowa m'dziwemo madzi otentha asanathiridwe, naimamo mpaka munthu womaliza, milomo itachita kuuma.

Mlembi_wa_Komiti

Mbiri imeneyi ndailemba kuti idzawerengedwe pa tsikulo. Koma ndikukumbutseni kuti funso la chiliza ndi denga likadali pomwepo.

Mlongo_wa_ku_Kitwe

Ndawerenga zonse ndipo ndakhala ndikulemba ndi kufufuta. Ndikudziwa kuti mawu anga sakoma pa nthawi ngati ino, koma alembi anati aliyense anene chimene akukumbukira. Ine ndinatenga mimba ndili ndi zaka 17, ndili mu kwaya. Ndinaimitsidwa kutsogolo kwa mpingo wonse tsiku la Sabata, dzina langa linatchulidwa, ndipo ndinaletsedwa mgonero ndi kuimba. Amene anawerenga chigamulocho anali Abusa. Mnyamata amene anandipatsa mimbayo anali mwana wa munthu wolemekezeka mu mpingo, ndipo sabata yomweyo anatumizidwa kwa amalume ake kumigodi. Iye sanaime kutsogolo kwa aliyense. Mayi anga anasiya kupita ku msonkhano wa amayi chifukwa cha manyazi, ndipo anamwalira asanabwererenso. Sindikutsutsa za mabokosi kapena za misomali, ndikukhulupirira zonsezo. Ndikungopempha kuti pa tsiku la chikumbutso musawasandutse mngelo, chifukwa tilipo ena amene dzanja lomwelo linatilemera.

Mkulu_wa_Kwaya

Mlongo, nkhani zotere zili ndi malo ake. Munthu wagona, sangathe kudziyankhira, ndipo banja lake likuwerenga pano.

Namwino_Wopuma

Malo ake ndi ati, akulu a kwaya? Pamene anaimitsidwa kutsogolo ali mwana, munthu sananene kuti nkhaniyo ili ndi malo ake, inanenedwa pamaso pa anthu onse. Musiyeni alankhule. Ine ndinalipo tsiku limenelo ndipo ndinangoyang'ana pansi.

Dikoni_Wamkulu

Mwana wanga wa ku Kitwe, ndakuzindikira, ndipo sindikutchula dzina. Ndiyenera kunena chinthu chimene achinyamata ndi abale a mipingo ina mwina sachidziwa. Ku Baptist mbusa sagamula yekha, ndipo kulibe bishopu kapena sinodi yotumiza chigamulo kuchokera kumwamba. Mpingo uliwonse umadzilamulira wokha, ndipo nkhani ya mwambo imapita ku msonkhano wa mamembala, kumene aliyense wobatizidwa amakweza dzanja. Chigamulo chimene Abusa anawerenga tsiku lija chinali chathu. Ine ndinakweza dzanja. Pa msonkhano wa madikoni iwo anafunsa kawiri kuti nanga mnyamatayo ali kuti, ndipo tinawayankha kuti wachoka kale ndipo sitingaweruze munthu amene palibe. Anakhala chete. Sindikunena izi kuti ndiwayeretse, chifukwa anali ndi mphamvu zokana kuwerenga mpaka mnyamatayo abwere, ndipo sanakane. Ankaopa kugawa mpingo, popeza atate a mnyamatayo ndi amene anagula malata a tchalitchi. Tonse tinaopa chomwecho. Ndakalamba tsopano ndipo ndikupepesa kwa iwe pamaso pa gulu lino, monga momwe tinakuchititsira manyazi pamaso pa gulu.

Mnyamata_wa_Matero

Ine ndinabadwa zimenezi zitachitika kale, koma ndikufunsa, kodi mwambo woimitsa atsikana okha kutsogolo unatha, kapena tikupepesa za kale pamene zikuchitikabe?

Dikoni_Wamkulu

Pa mpingo wathu unatha, ndipo amene anaubweretsa ku msonkhano kuti uthe ndi Abusa omwewo, patapita zaka. Anati ngati awiri alakwa, akulu akambe ndi onse awiri pamodzi ndi makolo awo, ndipo ngati mmodzi wathawa, wotsalayo asasenze katundu wa awiri. Za mipingo ina sindingayankhire.

Mlongo_wa_ku_Kitwe

Atate, ndalandira mawu anu, ngakhale ndinawadikira zaka zambiri. Kuti ndisanamizire wakufa, ndionjeze ichi. Mwana wanga ali mu Giredi 7, Abusa anabwera ku Kitwe ku msonkhano wa mipingo, nafunsira nyumba yanga mpaka anaipeza. Anakana mpando wa m'nyumba, anakhala pa kampando ka panja pafupi ndi mbaula, chipewa chili pa bondo. Anati anabwera kudzanena kuti analakwa polola kuti ndiime ndekha. Sanatchule vesi, sanandipemphe kuti ndibwerere ku mpingo, ndipo sindinabwerere. Ndinawapatsa madzi akumwa, anamwa, napita kukakwera basi. Sindidziwa ngati ndinawakhululukira tsiku limenelo kapena pambuyo pake. Pa funso la alembi, ine ndikuti denga likonzedwe, koma ndili ndi mfundo imodzi. M'kashopu kameneko simunalowepo mtsikana ndi mmodzi yemwe. Ndikanakhala ndi luso m'manja nthawi imene ija, sindikanatha zaka ndikuchapira anthu zovala. Ngati katsegulidwa, atsikana alowe, makamaka amene asiya sukulu chifukwa cha mimba.

Kalipentala_wa_Chawama

Zimenezo n'zoona, achemwali, sitinaphunzirepo ndi mtsikana, ndipo sitinkaona kuti pali cholakwika. Sowo sasankha dzanja. Ine ndavomera.

Mkulu_wa_Kwaya

Ndinafulumira kulankhula. Pepani, mlongo.

Mayi_wa_Makina

Ine ndine mmodzi wa amene akufuna chiliza, ndipo chifukwa changa ndi ichi. Amuna anga atamwalira, abale awo anabwera kuchokera kumudzi, ndipo maliro asanathe n'komwe anayamba kulongedza. Anatenga wailesi, matiresi, mapoto, mpaka anafika pa makina anga osokera amene ndinagula ndekha ndi ndalama za chilimba. Mwana wanga wamkulu anathamangira ku tchalitchi. Abusa anafika thukuta lili kamukamu, osalonjera bwino n'komwe, nakhala pa chivindikiro cha makinawo pakhomo penipeni. Anatulutsa m'Baibulo mwawo pepala lopindapinda limene linali ndi mfundo za lamulo la chuma cha masiye, nayamba kuwerenga mokweza m'Chingerezi ndi kumasulira m'Chinyanja, anthu a pa maliro akumva. Alamu anga anati iyi ndi nkhani ya banja, abusa apite akapemphere. Iwo anayankha kuti apemphera pomwepo, ndipo sanyamuka mpaka katundu abwerere m'nyumba kapena tonse tipite ku polisi. Anakhala pa makinawo kuyambira masana mpaka mdima. Matiresi anabwerera, mapoto anabwerera, wailesi inapita. Makina amenewo ndi amene anaphunzitsa ana anga anayi. Munthu wotere agone pansi pa kachitsulo ka dzimbiri? Mtima wanga ukukana.

Kalaliki_wa_Maloya

Pepala limenelo ndikulidziwa, chifukwa ndine ndinkawajambulira makope akatha. Linali chidule cha lamulo la 1989 lonena za chuma cha munthu womwalira osasiya wilo. Ndilifotokoze pano, popeza kulanda katundu wa amasiye sikunatheretu. Lamulolo limati mwa magawo 100 a chumacho, 20 apite kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo a womwalirayo, ndipo 10 kwa ena amene ankadalira iye. Ziwiya za m'nyumba ndi za wotsalayo ndi ana. Nyumba nayonso ndi ya wotsalayo ndi ana, ndipo wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha akakwatiwa kapena kukwatiranso. Achimwene ndi achemwali a womwalira alibe gawo pamene mkazi, ana ndi makolo alipo, kupatula ngati ankadalira iye. Malo a kumudzi a m'manja mwa mafumu sali pansi pa lamuloli. Makina a amayiwa sanali n'komwe chuma cha malemu, anali awoawo. Abusa ankaphunzitsa zimenezi pa uphungu wa ukwati, ndipo ankauza amuna kuti alembe wilo akadali ndi mphamvu, zimene ambiri ankaziona ngati kudziitanira imfa.

WakuJoni

Moni kuchokera ku Johannesburg. Ine fizi yanga ya mayeso a Giredi 12 analipira ndi iwo, nthawi imene sukulu za sekondale zinali zolipira, boma lisanachotse fizi mu 2022. Bwanji tingoonjezera ndalama tichite zonse ziwiri? Ife a kunja tikhoza kusonkhanso.

Mphunzitsi_Wopuma

Mtima wanu ndi wabwino, koma vuto lalikulu si ndalama. Ndaona zinthu zambiri zotsegulidwa ndi nyimbo ndi riboni m'dzina la wakufa, pakatha miyezi isanu ndi umodzi n'kukhala mosungira mipando yothyoka. Kashopu kaja sikankayenda chifukwa cha denga, kankadontha kuyambira kale. Kankayenda chifukwa munthu mmodzi ankatsegula chitseko 6 koloko m'mawa tsiku lililonse, ndipo mnyamata akajomba masiku awiri ankakwera njinga kukamufuna kwawo, ngakhale kumalo omwera mowa. Kumbukirani January wa 2018, kolera itavuta, boma litaletsa misonkhano m'madera okhudzidwa, odwala akutengeredwa ku bwalo la masewero la Heroes. Tchalitchi chinatsekedwa, ndipo Abusa, ali okalamba kale, anatenga anyamata a m'shopu omwewo n'kumayenda nawo nyumba ndi nyumba ndi mabotolo a kolorini, kuphunzitsa anthu kuthira m'zigubu ndi kukhoma zivindikiro za zimbudzi ndi zidutswa za matabwa. Zimenezo sizigulidwa ndi chopereka. Abusa atsopano ndi munthu wabwino ndi wophunzira, koma sagwira hamala, ndipo si mlandu. Tsono tisanagule lata ndi limodzi lomwe, wina anene pano kuti ine ndidzatsegula chitseko. Popanda dzina limenelo, ine ndiponya voti yanga ku chiliza, chifukwa mwala sufuna woutsegulira m'mawa.

Amayi_a_Lachinayi

Aphunzitsi anena zimene ndinalephera kuzinena bwino. Ndipo pali china chimene chandivuta chiyambireni kukambirana kuno. Tonse tikugawa maganizo ngati manda ndi athu. Kodi komiti inapita kukakhala pansi ndi Amayi Abusa?

Mlembi_wa_Komiti

Ndivomere kulakwa. Tinawadziwitsa kuti ndalama zikusonkhedwa, koma sitinawafunse chimene akufuna. Tinkaganiza kuti tiwapititsire nkhani yakupsa kale.

Namwino_Wopuma

Mayi amene anaphikira anyamata a m'shopu nkhomaliro zaka zonsezo, pa ndalama yochepa ya m'busa wa m'komboni, ndiye tamuiwala. Nkhomaliro imene a ku Chawama akuti inali malipiro awo sinkagwa kumwamba.

Mdzukulu_Wachitatu

Makolo anga nonse, ine ndine mdzukulu wawo ndipo ndimakhala ndi ambuya. Ndawawerengera zonse zimene mwalemba, kuyambira pa alembi mpaka pa anamwino, osadumpha ngakhale za amayi a ku Kitwe. Pamenepo anandiuza kuti ndibwereze, ndipo anati akukumbukira usiku umene agogo aamuna anabwera kuchokera ku Kitwe osadya, n'kukhala panja mpaka tambala woyamba. Andituma kuti ndinene izi. Choyamba, akuthokoza. Chachiwiri, mwala wakuda wonyezimira sakuufuna, chifukwa akuti mwini wake akanaufunsa mtengo n'kudwala nawo. Akufuna manda awakidwe ndi simenti kuti asatitimire, ndi kamwala kakang'ono kolembedwa mozokota dzina, zaka ndi Ahebri 13:7, ndipo pambali pasiyidwe malo awo. Chachitatu, za shopu akuti iwo sangalamule, chifukwa nyumbayo ndi ya mpingo ndipo iyenera kupita ku msonkhano wa mamembala. Koma zipangizo ndi za agogo, zili m'bokosi pansi pa bedi, zopakidwa mafuta, ndipo adzapereka kwa munthu amene abwere yekha kudzawauza masiku amene azitsegula. Mulinso kabuku kakuda m'mene agogo ankalemba dzina la mnyamata aliyense, tsiku limene anabwera ndi kumene anapita. Masamba omaliza ali ndi mayina asanu ndi awiri opanda mawu a kumene anapita, chifukwa matenda anawapeza asanamalize nawo.

Mayi_wa_Makina

Ngati Amayi Abusa atero, ine ndilibenso mawu. Simenti ndi kamwala zikhalepo basi. Ndipo ngati atsikana alowa, makina anga aja akadali ndi moyo, ndikhoza kubwera nawo Lachiwiri ndi Lachisanu kwa amene matabwa sawakonda.

Kalipentala_wa_Chawama

Aphunzitsi afunsa dzina. Sindingalonjeze tsiku lililonse, ndili ndi maoda ndi lendi ya malo anga, ndipo ndikanama pano mudzandigwira bodza mwezi umodzi usanathe. Ndingathe Loweruka lonse ndi Lachitatu masana. Mnyamata wanga wamkulu, amene wakhala nane zaka zitatu, angathe kutsegula masiku ena awiri ngati komiti imupatsa ya basi. Denga ndikhoma ndekha ndi anyamata anga popanda malipiro, mugule malata ndi mitengo yokha. Kuwaka manda kukhale koyamba, mvula isanabwere.

Mphunzitsi_Wopuma

Masiku anayi si asanu ndi limodzi, koma ndi dzina. Ndasintha voti yanga, ngakhale ndidzabwera Lachitatu lina mosadziwitsa kudzaona ngati chitseko chili chotsegula.

Amayi_a_Lachinayi

Ine ndidzapita nawo amisiri kumanda, chifukwa ndikudziwa mzere wake ndipo sindifuna kuti awake pa munthu wina. Simenti ikhale yokwanira, osati yonyengezera ndi mchenga.

Mlongo_wa_ku_Kitwe

Mdzukulu, uwauze ambuya kuti ndamva. Pa tsikulo ndidzayesetsa kubwera, koma ndidzakhala kumbuyo.

Mlembi_wa_Komiti

Ndalemba motere: manda awakidwe monga afunira Amayi Abusa, ndipo zotsala zipite ku denga ngati msonkhano wa mamembala uvomereza Sabata ikubwerayi. A Dikoni, chonde ikani nkhaniyi pa ndandanda pamodzi ndi mfundo ya atsikana. A ku Johannesburg, zoonjezera zanu zipite ku ya basi ya mnyamata wotsegula.

Kalipentala_wa_Chawama

Mdzukulu, ndibwera Loweruka m'mawa kudzaonana ndi ambuya. Undikonzere mayina asanu ndi awiri aja pa pepala, awiri ndikuganiza kuti ndimawaona pa siteji ya ku msika wa Soweto muno mu Lusaka. Nanga kiyi wa loko wa kashopuko ali ndi ndani?

Dikoni_Wamkulu

Kiyi anatayika nthawi ya maliro. Ubwere ndi sowo wa zitsulo.